Madzi Amene Ndinkataya mu Sinki ya Kalavani

Ine ndi madzi ongoima sitigwirizana. Ndikaona chitini chili chagada pabwalo mutalowa mvula, ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita n'kukachivundikira. Mkazi wanga kwathu ku Mchinji ankandiseka kuti ndikanakhala mlangizi wa zaumoyo bwenzi nditamangitsa mudzi wonse, koma akudziwa kumene khalidweli linachokera. Mwana wathu woyamba anatisiya ndi malungo asanayambe n'kuyankhula komwe. Titabwerako kumanda ndinapeza kuseri kwa bafa kuli tayala lakale lodzaza madzi, mphutsi za udzudzu zikuvina m'menemo. Sindikunena kuti udzudzu umene unamuluma unachokera m'tayalamo, zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinasiyenso madzi kuti agone pamene ine ndikuona.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mundimvetse. Zondikhululukira sindikupempha.

Kuno ku Doha ndinabwera kudzayendetsa galimoto pa banja lina la eni dziko. M'mawa kukasiya bwana ku ofesi ku West Bay, kubwerako kutenga madamu kupita nawo kumene afuna, madzulo kukatenganso bwana. Pa geti ndinapezapo bambo wina wachikulire wa ku Katete, ku Zambia, amene anali mlonda komanso wothirira maluwa. Tsiku loyamba nditawapatsa moni m'Chingerezi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chizungu chakocho n'cha kwathu," anatero. "Kwanu n'kuti?"

Titafunsana mifunda tinapeza kuti ndi umodzi. Iwo anawomba m'manja. "Basi, ndiwe mwana wanga. Malire aja anaika azungu, ife sanatifunse." Kuyambira pamenepo ndinkawaitana kuti atate, ngakhale inenso ndinali bambo wa ana atatu wa imvi zoyamba kutuluka m'ndevu.

Ukhondo wa atate unkatichititsa manyazi enafe. Yunifolomu ankaisita tsiku ndi tsiku, nsapato kupolisha m'mawa uliwonse m'dziko limene fumbi silipuma. M'thumba la malaya simunkasowa kampango koyera kopindidwa bwino. Lachisanu, tsiku lathu lopuma, tikapita kutchalitchi ku Abu Hamour, iwo ndi amene ankaima pakhomo kulandira anthu, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Ndinkawaseka kuti akuvalira azimayi a kwaya. Iwo ankati munthu wosauka amatsala ndi zinthu ziwiri, sopo ndi dzina.

Mgwirizano wawo wa ntchito unkatha chakumapeto kwa chaka chimenecho, ndipo ankafuna kuti awawonjezere zaka ziwiri zokha. Mwana wawo wotsiriza anali pakati pa sukulu ya unamwino. Akamaliza, iwo ankati apita kukaweta mbuzi. Pa msinkhu wawo, akangotuluka m'dziko muno palibe amene akanawaitananso, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo ngakhale sitinkazinena.

Chaka chomwecho bwana anagula kalavani, nyumba yeniyeni ya pamatayala, yokhala ndi mabedi, makatani, kakhitchini ndi sinki yake. Kuno nyengo yozizira ikafika eni dziko amakonda kukakhala kuchipululu kumapeto a sabata, kuwotcha nyama ndi kumwa khofi pamchenga. Ine ndinali woikoka ndi galimoto, kuidzaza madzi ndi kukhuthula thanki ya pansi imene madzi otsukira mbale amagwera. Nyengo yonse ija kalavani sinavute. Kutentha kutayamba tinaibweza kunyumba, n'kuiimika kuseri pafupi ndi mpanda, n'kuilumikiza ku magetsi. Bwana anandiponyera makiyi. "Iyi ndi yako tsopano. Ikhale yoyera mpaka tidzaifunenso."

Mawu amenewo anandilowa ngati kuti andikweza pantchito. Ndinatha masiku awiri ndikukolopa, kupukuta ndi kukutumula makushoni. Tsiku lachiwiri, nditatsegula kakabati ka pansi pa sinki, ndinaona kuti paipi yochokera mu sinki siinatsike molunjika. Inkatsika, n'kupinda ngati chigongono, n'kukweranso pang'ono isanapite kuthanki. Nditaigwedeza ndinamva madzi akuti khuvu khuvu m'katimo. Mtima wanga unangoti phwii. Kalavani yodula chonchi, opanga ake n'kusiya malo oti madzi azigonamo?

Ndinaitana atate kuti adzandigwirire beseni. Ndinamasula chigongonocho ndi sipanala, madzi akuda ngati a m'dambo n'kukhuthukira m'besenimo. Atate anakwinya mphuno.

"Waona, mwana wanga? Anthu a ndalama amayera pamwamba chabe."

Ndinachitsuka chigongonocho, kuchipukuta m'kati ndi kansalu kokulunga ku waya, kuchiyanika padzuwa mpaka chinauma gwa, n'kuchibwezera. Ndinaimirira ndikudzimva kuti ndine munthu. Ndinali nditapeza cholakwika chimene azungu opanga kalavani sanachione.

Sabata yomweyo makina oziziritsa mpweya m'kachipinda ka atate ka pa geti anafa. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse kuti zimenezi zikutanthauza chiyani. Masana a nyengo yotentha chitsulo cha geti sungachigwire ndi dzanja, ndipo mpweya umene ukupuma umakhala ngati wotuluka mu uvuni wa njerwa. Eni nyumba anati okonza abwera mawa, mawalo n'kukhala mawa lina. Ndinaona atate atakhala pansi pa mthunzi wa mpanda, thaulo lonyowa lili pamutu, milomo itauma. Madzulo ake, tikuchokera ku ofesi, ndinalimba mtima n'kupempha bwana kuti mkuluyo azipumira m'kalavani masana okha, popeza makina a m'menemo ankagwira ntchito. Bwana sanadzutse n'komwe maso pa foni. "Mafi mushikila," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto.

Atate ankalowamo ngati akulowa m'kachisi. Nsapato ankasiya panja. Pa makushoni sanakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Ankayala chitenje chawo pansi, pakati pa mabedi ndi sinki, n'kugona chagada manja ali pachifuwa. Chakudya sankadyeramo. Chimene ankachita, chifukwa cha ukhondo womwewo, n'kuyatsa kafani ka padenga kamene kamakokera mpweya panja, ati kuti thukuta lawo lisatsalire m'nyumba ya eni ake.

Fungo linayamba patangopita masiku ochepa. Linali ngati la mazira owola osakaniza ndi madzi otsukira mbale ogona masiku atatu. M'mawa linkamveka pang'ono. Masana, kalavani ikatenthedwa ndi dzuwa, atate n'kulowa n'kuyatsa kafani kaja, linkadzaza paliponse mpaka m'makatani. Atate ndi amene anayamba kundiuza.

"Mu sinki muja muli chinthu chafa. Uonemo, asanabwere eni."

Ndinaonamo, ndipo ngati pali sinki imene inatsukidwapo pa dziko lino ndi imeneyo. Ndinathiramo soda, yemwe uja wophikira therere, n'kutsatiza viniga mpaka thovu linatuluka ngati thobwa lowira. Ndinathira madzi owira maketulo atatu. Tsiku lina ndinafinyiramo mandimu, lina ndinathira jiki mpaka maso anandiwawa. Thanki ya pansi ndinaikhuthula, kuidzaza, kuikhuthulanso. Ndipo pa nthawi imene ndinkatsukayo fungo linkathadi. Ndinkaika mphuno pa kabowo ka sinki osamva kanthu koma mandimu. Kenako, kuti ntchito ithe bwinobwino, ndinkaitana atate kuti agwire beseni, ine n'kumasula chigongono chija, kutaya madzi otsalamo, kuchiumitsa ndi kuchibwezera. Mawa lake masana fungo linkakhala litabwerera, lochita kuposa dzulo.

Ndinachita zimenezi kangati, sindinawerenge. Ndikakumbukira lero ndimaona nkhope ya atate atagwada pambali panga, beseni lili m'manja, akundilimbikitsa kuti, "Pukuta bwino, pasatsale ngakhale dontho."

Madamu anabwera masana ena kudzafuna mapoto a khofi amene anatsalira m'kalavani. Ine ndinali pambuyo pawo ndi makiyi. Atangotsegula chitseko anabwerera m'mbuyo, n'kuphimba mphuno ndi nsonga ya mpango wawo. Pansi panali atate, akudzuka mwamantha, akukoka chitenje chawo. Madamu sanakalipe. Anayang'ana mkuluyo, n'kuyang'ana mapazi awo opanda nsapato, n'kutembenukira kwa ine.

"Wayamba liti kugona muno?"

Ndinawauza.

"Nanga fungoli layamba liti?"

Yankho lake linali lomwelo. Ndinayesa kunena kuti likuchokera mu sinki. Madamu anati sinki imeneyo anaigwiritsa ntchito nyengo yonse yozizira ndipo sinanunkhepo. Zimenezo zinali zoona.

Kuyambira tsiku limenelo madamu anawaletsa atate kulowamo. Makina a m'chipinda chawo anakonzedwa patapita masiku awiri, zimene zinandionetsa kuti akanatha kukonzedwa kalekale. Koma nkhani inali itatuluka kale. Atsikana ogwira ntchito m'nyumba, ochokera kumayiko ena, anayamba kudutsa pa geti atatembenuzira nkhope kumbali. Madamu akamatuluka pa galimoto ankakweza galasi tikafika pamene atate aima.

Mkulu uja anasintha ndikuona. Anayamba kusamba katatu patsiku. Kapenta amene mkazi wawo anawatumizira ndi munthu wochokera kwawo, amene ankamusunga ngati mankhwala, anakamutaya yense m'bini ya kunja kwa mpanda. Anagula perefyumu wa fungo lamphamvu amene sankawayenera n'komwe. Pakhomo la tchalitchi anasiya kuimapo, ankalowa mochedwa n'kukhala kumapeto kwa benchi yakumbuyo. Tsiku lina m'mawa ndikutsuka galimoto anabwera n'kuima pafupi nane, osandiyang'ana.

"Mwana wanga, ndinunkhize."

"Atate, musatero."

"Ndati ndinunkhize. Munthu sadzimva yekha. Kapena ndi ukalamba, kapena ndi matenda ali m'kati. Manje ngati iwe sundiuza, andiuza ndani?"

Anakweza mkono. Bambo wamkulu, wa zidzukulu, ataima pabwalo la eni ake mkono uli m'mwamba ngati mwana wa sukulu. Ndinawerama n'kununkhiza. Ankamveka sopo ndi nsalu yositidwa kumene. Ndinawauza choncho, ndipo anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanandikhulupirire. Ankaganiza kuti ndikuwalemekeza.

Pali china chimene sindinauzepo munthu. Masiku amenewo, nditatopa ndi soda ndi viniga, inenso ndinayamba kukayika. Tsiku lina atate akudutsa patsogolo panga ndi paipi yothirira maluwa, ndinakoka mpweya mwakachetechete kumbuyo kwawo kuti ndimve. Sanandione. Ndimachita nazo manyazi kuposa zina zonse.

Fungo m'kalavani silinathe ngakhale atate anasiya kulowamo. Ine ndinasangalala, ndimvekere apa ndiye choonadi chaoneka. Koma madamu anati lalowerera m'makushoni. Makushoni anasinthidwa, makatani anachapidwa, anafukizamo lubani mpaka utsi unkatuluka m'mawindo. Patapita sabata linali pomwepo. Apo madamu anati ndiye kuti mkuluyo akumalowabe mobisa ife tikachoka, ndipo anandifunsa ngati ndimasiya makiyi poonekera. Munthu akafuna kukupeza wolakwa, umboni uliwonse umaloza kwa iwe.

Nthawi yokambirana za mgwirizano itakwana, bwana anaitana atate pakhonde. Sizinatenge nthawi yomwera kapu ya tiyi. Atate anabwerera ku geti akuyenda mowongoka, n'kukhala pa mpando wawo.

"Khalasi," anatero, liwu limene kuno amanena chinthu chikatha. "Sapanga renew. Ati ndakula, ndikapume. Za fungo sanatchule, koma ine si mwana."

Ndinawaperekeza ku bwalo la ndege m'mawa wina, ndi galimoto ya bwana yomweyo. Anavala jekete ija. M'njira yonse ankanena za mbuzi, za mtengo wa feteleza, za mmene adzamuuzire mwana wawo wa ku sukulu uja. Sindinawafunse kuti adzamuuza chiyani. Titatsitsa chikwama anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Ntchito imatha, imeneyo si nkhani. Koma ukadzalipeza fungo lija, undiuze. Ndifuna kudziwa chabe."

Ndinalonjeza.

Lachisanu lachiwiri atachoka, titatuluka m'tchalitchi ku Abu Hamour, ndinaima podikirira basi ndi mnzathu wina wa ku Zomba amene amakonza mapaipi pa hotela ina ku West Bay. Anandifunsa za mkulu wa jekete uja, kuti bwanji sakuoneka. Ndinamufotokozera zonse, ndipo pofuna kuti aone kuti sindine waulesi, ndinatchula chimodzichimodzi: soda, viniga, madzi owira, jiki, thanki, mpaka chigongono chimene ndinkaumitsa.

Anandigwira pamkono. "Imani kaye, achimwene. Mumachita chiyani ndi chigongonocho?"

"Ndimataya madzi ogonamo. Ndimachiumitsa."

"Every time?"

"Nthawi zonse."

Anaseka, koma atandiyang'ana kumaso kuseka kuja kunathera panjira. Anatola kamtengo n'kujambula pa fumbi paipi yopinda.

"Iyi ife timati thirapu. Sikuti analakwitsa kupanga ayi. Madzi amene amakhala apawa ndiye chitseko. Thanki ya pansi ija, muitsuke bwanji, kunja kukatentha imanunkha basi, ndi mmene ilili. Mpweya wake umafuna kukwera ndi paipi, ukafika apa umapeza madzi atseka, ndiye umatulukira ku paipi ina ya padenga. Inuyo mukachotsa madziwo mwatsegula chitseko. Wina akayatsanso fani yokoka mpweya, ndiye mukuchita kuliitana fungolo kuti lilowe m'nyumba."

"Nanga udzudzu?" Ndi zimene zinatuluka pakamwa panga. Mpaka lero sindimvetsa kuti ndinkafuna andiyankhe chiyani.

"Udzudzu wanji m'kalavani yotseka, achimwene? Thirani kapu imodzi ya madzi, musiye. Kuno amauma msanga, ndiye sabata iliyonse muzi-checka, muthirenso. Mukafuna, kasupuni ka mafuta ophikira pamwamba kuti asaume. Problem yatha. Bwanji simunandifunse kale? Timaonana pano Friday iliyonse."

Basi inabwera, iye anakwera. Ine ndinatsala. Ndinakhala pa konkire yotentha ija ndikuyang'ana chithunzi cha pa fumbi mpaka anthu anachipondaponda. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma phula langali anadya ndi munthu wina. Miyezi yonse ija ndinali ndi yankho pa benchi imodzi m'tchalitchi, ndipo sindinafunse chifukwa ndinkadziona ngati katswiri wa ukhondo. Nkhuyu zodya mwana zinapotadi wamkulu.

Nditafika kunyumba sindinathire madziwo. Ndinaima pa sinki ndi kapu m'manja, n'kuona msampha umene ndinalimo. Ndikathira, fungo litha, ndipo litha atate atangochoka kumene. Madamu adzati anali iwo. Ndikapanda kuthira, fungo likhalapo, ndipo tsiku lililonse limene likununkha mkuluyo ali ku Katete lidzakhala mboni yawo. Njira yachitatu inalipo, yopita kwa bwana n'kunena kuti amene ananunkhitsa kalavani yanu, n'kukuonongetsani makushoni, n'kuchotsetsa munthu wosalakwa, ndine. Njira imeneyo ndinkaiona bwinobwino. Ndinkangoiyang'ana ngati mmene umayang'anira mtsinje wodzaza.

Ndinasankha yachiwiri, ndipo ndinadzinamiza kuti ndikumenyera nkhondo atate. Kwa masabata atatu ndinasiya chigongono chili chouma. Madamu akatuma mtsikana kukatenga kanthu m'kalavani, n'kubwerako atagwira mphuno, mtima wanga unkati, mwaona? Munthu uja kulibe, nanga likununkha ndi ndani? Ndinkadikira kuti wina anene mawu amenewo mokweza. Palibe ananena. Pa geti panali patabwera kale mlonda wina, ndipo dzina la atate linali litasiya kutchulidwa.

Mawu oti ndikauze bwana ndinawakonza m'Chingerezi, ndinkawabwereza ndikamatsuka galimoto. M'mawa wina tili pa mzere wa magalimoto polowa ku West Bay, ndinatsegula pakamwa. "Bwana, za kalavani ija." Iwo anadzutsa maso, tinaonana pa galasi.

"Eya, kalavani. Nyengo yayandikira, ndikufuna kuitulutsa. Madamu akuti ikununkhabe." Anandiyang'anitsitsa pa galasipo. "Panopa amene amalowamo ndiwe wekha, si choncho?"

Sananene mwaukali. Anangofunsa, n'kubwerera pa foni yawo. Koma madzulo a tsiku lomwelo madamu akukwera galimoto anandifunsa, akumwetulira, kuti kodi anthu a kwathu timakonda kudya chiyani, ndipo ngati inenso ndimadya tinsomba touma tija. Kenako anatsitsa galasi pang'ono, makina oziziritsa ali oyaka.

Ndinaganiza za ana anga atatu. Ndinaganiza za ine nditaima pabwalo mkono uli m'mwamba, popanda ngakhale wondinunkhiza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinachita mantha, palibe dzina lina limene ndingawapatse.

Mawa lake m'mawa, ndisanatulutse galimoto, ndinalowa m'kalavani ndi kapu ya madzi. Ndinathira pang'onopang'ono, ndikumva akutsika n'kukaima pa chigongono paja. Ndinawonjezera kasupuni ka mafuta, n'kutsegula mawindo. Ntchito yonse sinatenge mphindi imodzi. Pofika tsiku lachitatu munkangomveka lubani wakale uja ndi nsalu za makushoni atsopano.

Madamu anabwera okha kudzaona. Analowa, anaima pakati, pamalo pomwe atate ankayala chitenje, n'kukoka mpweya kawiri. Anatsegula kabati, ananunkhiza katani. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope itadzaza ndi kukhutira.

"Waona? Mwezi wathunthu kuti fungo la munthu mmodzi lichoke. Ndinakuuza."

"Yes, madam," ndinatero.

Mawu awiri amenewo ndawayankhula kambirimbiri m'dziko muno, pa zinthu zazikulu ndi zazing'ono, ndipo sanandilemerepo. A tsiku limenelo ndikuwasenzabe.

Nyengo yozizira inafika, tinapita kuchipululu, nyama inawotchedwa. Bwana anauza anzake kuti dalaivala wake amasamala kalavani kuposa mmene ena amasamalira nyumba. Mgwirizano wanga anauwonjezera. Tsopano Lachinayi lililonse la nyengo yotentha ndimalowa m'kalavani ndi kapu yanga, ine mdani wa madzi oima, kukaonetsetsa kuti madzi aima.

Atate amanditumizira mawu pa foni mwa apo ndi apo. Kumbuyo kwawo kumamveka nkhuku ndi mphepo. Mbuzi anagula ziwiri, imodzi inafa. Mwana wawo uja anaima kaye sukulu, akuthandiza pa sitolo ya munthu ku boma, ati adzapitiriza zinthu zikadzayenda. Amanena zimenezi mopepuka, ngati akunena za mvula. Ndipo uthenga uliwonse, ukamatha, umafika pamodzimodzi.

"Nanga fungo lija, mwana wanga? Unalipeza?"

Ndikanawauza kuti inali paipi, dzina lawo likanayera mpaka kalekale. Akanagona tulo. Koma iwo si munthu woti ungamuuze theka la nkhani. Akangomva za madzi a m'chigongono adzakumbukira amene ankamasula ndi sipanala, ndipo adzakumbukira kuti beseni linali m'manja mwawo. Ndayesapo kujambula uthenga woona. Ndimafika pa "Atate, pali chimene ndikufuna ndikuuzeni," chala n'kufufuta chokha.

Ulendo woyamba umene anafunsa ndinali nditakhala pa sitepe ya kalavani, kapu yopanda kanthu ili pambali panga, kumbuyo kwanga kukutuluka mpweya wabwino. Ndinadina foni n'kuyankha.

"Likadalipo, atate. Likununkhabe ngati kale."

Yankho lawo linabwera nthawi yomweyo. Anayamba ndi kuseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve kuyambira tsiku limene madamu anatsegula chitseko chija. Ndinamva akuitana mkazi wawo kuti abwere adzamve yekha. Kenako anabwezera pakamwa pa foni.

"Ndinadziwa ine. Zikomo, mwana wanga. Iwe wekha ndiwe unandikhulupirira."